Nkhomaliro ya Tsiku la Chisangalalo: Mafunso ndi Mayankho

Pa chaka pamakhala masiku owerengeka amene banja limafuna kudya mosiyana ndi nthawi zonse. Ena ndi odziwika kwa aliyense: Khrisimasi, Chaka Chatsopano, Pasaka, Idi, ndi tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala. Ena ndi a pakhomo panu pokha, monga mwana akabatizidwa, wina akakhoza mayeso a fomu 4, kapena m'bale amene anapita ku Johannesburg kalekale akabwera kudzaona kumudzi. Mayankho ali m'munsiwa ndi a munthu amene akuphikira anthu 10, 20 kapena 40 pakhomo pake, pa mafuwa, pa mbaula kapena pa sitovu. Za ukwati wa anthu mazanamazana ndi nkhani ina.

Kodi nkhomaliro ya chisangalalo imasiyana pati ndi ya masiku onse?

Ambiri angayankhe msanga kuti ndi mpunga ndi nkhuku. Sakunama, pakuti tinakula tikudziwa kuti fungo la mpunga likamveka pakhomo ndiye kuti tsikulo ndi lalikulu. Koma mpunga ndi nkhuku zitha kukhalapo tsiku n'kuwonongeka ndithu. Chakudya chapsa 4 koloko ana atagona kale ndi njala, nkhuku ikukanika kutafuna, ophika atsala ndi nkhoko, ndiye Januwale asanathe mwini katapila wafika pakhomo. Kwa ine nkhomaliro yabwino ndi imene yapsa bwino, yafika pa nthawi yake, ndipo aliyense wadya n'kukhuta, kuphatikizapo amene maso awo afiira ndi utsi kukhitchini. Zonse zimene ndalemba m'munsimu zikuchokera pamenepa.

Ndalama n'zochepa. Kodi nditenge ngongole kuti tsikuli likome?

Ayi, ndipo pa funso ili sindizengereza. Khrisimasi kwathu kuno imafika pa nthawi yovuta. Chimanga m'nkhokwe chayamba kuchepa, m'munda mukufunika feteleza wobereketsa ndi aganyu opalira, ndipo pakangopita sabata ziwiri sukulu zitsegulira, fizi ifunika. Chakudya chimatha tsiku lomwelo, katapila amakula mwezi ndi mwezi.

Njira yake ndi kuyamba msanga. Mpunga umatsika mtengo pa nthawi yokolola, cha m'ma Meyi mpaka Julayi. Gulani pamenepo, muusunge m'chidebe chotseka bwino kuti anankafumbwe asalowe. Mafuta ophikira, shuga ndi mchere muzigula pang'onopang'ono miyezi ya m'mbuyo, osadikira sabata yomaliza pamene aliyense ali mumsika ndipo ogulitsa akutchula mtengo umene afuna. Nkhuni zouma musungiretu pansi pa denga mvula isanayambe. Amene muli m'banki mkhonde, magulu ambiri amagawana ndalama kumapeto kwa chaka. Patulani kaye za feteleza ndi za fizi, zotsalazo ndiye mupite nazo kumsika.

Mabanja a pachibale athanso kusonkherana. Achimwene abweretse mpunga, achemwali nkhuku, azakhali thobwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe chamanyazi pouza m'bale wanu chimene abweretse.

Ndiphike mitundu ingati ya zakudya?

Yochepa. Masiku ano pa Facebook ndi WhatsApp timaona matebulo odzaza ndi mbale 12, ndiye mtima umafuna kufanana nawo. Koma mbaula zanu ndi ziwiri, manja ndi omwewo. Wophika mitundu yambiri amaiwala mpunga pamoto pamene akudula kabichi.

Mpunga, nsima, ndiwo ya nyama imodzi kapena ziwiri, nyemba, masamba otendera, ndi saladi ya tomato ndi anyezi, n'zokwanira. Onjezani zipatso pamapeto. Mukatero mwakwaniritsa magulu 6 a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa m'dziko muno: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Nyemba musazinyoze poti n'za masiku onse. Ndizo zimapulumutsa pakhomo anthu akachuluka kuposa mmene munawerengera.

Nkhuku yachikuda kapena yoyera ya hayibulidi?

Pa kukoma, yachikuda ilibe mnzake. Yayendayenda, yadya ziwala ndi chiswe, nyama yake ndi yogwira ndipo msuzi wake sulira zokometsera za m'mapaketi. Vuto lake ndi mtengo ndi nthawi. Imafuna ola ndi theka kapena maola 2 pamoto, tambala wokalamba kuposa pamenepo. Yoyera imapsa pa mphindi 30 kapena 40, ili ndi mnofu wambiri, ndipo ndiyo yoyenera kukazinga kapena kuotcha. Nkhuku za Mikolongwe, zakuda zija, zili pakati ndi pakati. Ngati anthu ndi ambiri, phikirani akuluakulu ndi alendo yachikuda ya msuzi, yoyera mukazingire onse. Nkhuku imodzi yachikuda muiwerengere anthu 5 kapena 6.

Amene mumaweta nokha, kumbukirani chitopa. Matendawa amakonda miyezi yotentha, kuyambira cha m'ma Seputembala mpaka Novembala, ndipo amatha kusesa khola lonse pa masiku ochepa. Ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nkhuku yachikuda imakwerera mtengo pa Khrisimasi. Katemera wa I-2 wodonthezera m'diso amapezeka kudzera kwa alangizi a ziweto, ndipo amabwerezedwa pakapita miyezi 3 kapena 4. Nkhuku ya Khrisimasi imatetezedwa mu Ogasiti. Yofa yokha kapena yodwala musaphikire anthu, ngakhale mutamva chisoni chotani.

Yachikudayo ndiiphike bwanji kuti ifewe koma isatayike kukoma?

Mukaizinga, iviikeni m'madzi otentha, muisosole, kenako muiwaule pa lawi kuti timaubweya tonse tipse. Kuwaula kumeneku kumapereka fungo limene nkhuku ya m'sitolo ilibe. Potumbula samalani ndulu. Ikaphulika, chiwindi ndi nyama yoyandikana nayo zimawawa ndipo kutsuka sikuthandiza kwenikweni. Dulani motsata mfundo, osaphwanya mafupa ndi chikwanje, chifukwa tizidutswa ta mafupa m'msuzi n'toopsa kwa ana.

Ikani nthulizo mumphika ndi mchere ndi madzi ochepa, ongofika pakati pa nyama. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Amadzaza madzi mphika wonse pofuna msuzi wambiri, nkhuku n'kusanduka yosukuluka. Vundikirani, moto ukhale wapakati, ndipo madzi akamaphwa muzionjezera otentha pang'onopang'ono mpaka nyama itafewa. Ikafewa, siyani madzi aphwe, mafuta a nkhukuyo atuluke. Ngati ndi yowonda, thirani mafuta ophikira pang'ono. Ikazingeni m'menemo mpaka ifiirire, muike anyezi, adyo ngati mumamukonda, kenako tomato wakupsa bwino wodula ting'onoting'ono. Tomato apse mpaka asungunuke, ndiye muthire madzi a msuzi n'kusiya ubwate mphindi 10. Msuzi wa nkhuku uzimata pa mbamu ya nsima.

Tsabola wa kambuzi kapena wa m'botolo monga Nali aikidwe pambali kuti wofuna adzithirire yekha. Mumphika wa anthu onse musaikemo.

Kodi mwambo wopatsa mlendo nkhuku yathunthu ukadali ndi ntchito?

Uli nayo, ndipo ndi mwambo wokoma. M'midzi yambiri mlendo wolemekezeka, monga amalume kapena apongozi, amamuonetsa nkhuku ili yamoyo asanaizinge, ndi mawu akuti, "Amalume, ndiwo zanu ndi izi." Ikapsa imapita kwa iye ziwalo zonse zilipo, makamaka nthutumba. Nthutumba ikasowa m'mbale, mlendo wodziwa mwambo amaona kuti sanalemekezedwe mokwanira. Nkhuku imalankhula zambiri pa chikhalidwe chathu. Ndi chifukwa chake pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kupereka msoti.

Mwambowu uli ndi mbali yake yachiwiri imene siyenera kuiwalika. Mlendo waulemu samaliza nkhuku yonse. Amadya nthuli zingapo, zotsalazo n'kubweza kuti ana alaweko. Ngati mukuphikira gulu, nkhuku ya mlendo wamkuluyo ikhale ndi mphika wakewake, isasakanikirane ndi za anthu onse. Ndipo m'banja limene limasunga ulemu wa pakati pa mkamwini ndi apongozi ake aakazi, konzani malo awiri odyera. Musawakakamize kukhala pa tebulo limodzi poti ndi tsiku la chisangalalo, onse angadye mwamanyazi osakhuta.

Nanga mbuzi?

Anthu akapitirira 30, mbuzi itha kutchipa kuposa nkhuku. Yachikuda yokula bwino imatulutsa nyama yokwanira anthu 40 kapena kuposerapo ngati wogawa ali ndi dzanja labwino. Mabanja awiri kapena atatu atha kugula imodzi n'kugawana. Izingidwe m'mamawa kwambiri kusanatenthe. Zam'kati zitsukidwe kutali ndi pamene pali nyama, ziphikidwe pazokha, ndipo zipse zoyambirira chifukwa sizichedwa kuwonongeka. Nyama ya pa nthiti ndiyo ya kanyenya, ya miyendo ndi khosi ipite mumphika wa msuzi. Ngati mukugula kumsika, gulani imene yayezedwa ndi a zaziweto.

Ndimafuna chambo. Bwanji chimasowa nthawi ya Khrisimasi?

Chifukwa ndi nthawi imene chimaswana. Kuyambira pa 1 Novembala boma limatseka nyanja ya Malawi kwa asodzi a makoka kuti nsomba ziswane, ndipo Khrisimasi imafika nyanja isanatsegulidwe. Chambo chachepa kale kwambiri m'nyanjamo poyerekeza ndi zaka za m'mbuyo. Wogula timaana ta chambo pa nthawiyi akuthandiza kumaliza nsomba imene adzukulu ake adzaifune. Ngati mtima uli pa chambo, funani choweta cha m'madamu kapena cha m'makhola a m'madzi a ku Mangochi, apo ayi chisungireni Pasaka.

Pogula nsomba yaiwisi onani maso ngati ali owala, tsegulani m'mbali mwa mutu muone ngati muli mofiira, ndipo dinani mnofu ndi chala. Pakatsala chibowo, isiyeni. Chambo chabwino sichifuna zambiri. Chichekeni m'mbali, muchipake mchere ndi madzi a mandimu, muchikazinge m'mafuta otentha bwino osachitembenuzatembenuza, msuzi wa tomato ndi anyezi muphike pawokha.

Mpunga wanga umachita phala pena kupserera pansi. Ndimalakwa pati?

Tiyambe ndi pogula. Kilombero, amene amalimidwa kwambiri ku Karonga, ndiye mfumu pa fungo. Faya wa ku Nkhotakota ndi Salima nayenso ndi wabwino. Kumsika ena amasakaniza Kilombero ndi mpunga wina, choncho tapani pang'ono, mufikise m'manja n'kununkhiza, muonenso ngati njere zake zikufanana kutalika. Mukafika kunyumba upeteni pa lichero ndi kusankha timiyala dzulo lake. Mwala umodzi pa dzino la mlendo umaiwalitsa kukoma kwa nkhuku yonse.

Muyeso wake ndi uwu. Kapu imodzi ya mpunga, makapu awiri a madzi, kapena kuchepetsako pang'ono ngati mpungawo ndi watsopano. Gwiritsani ntchito kapu yomweyo poyeza zonse ziwiri. Kilogalamu imodzi imakwanira akuluakulu 7 kapena 8, ndipo ngati pali nsima imafika anthu 10 mpaka 12. Utsukeni kawiri kapena katatu madzi ayere. Madzi a mumphika awire kaye ali ndi mchere ndi mafuta pang'ono, kenako muthire mpunga, mutakase kamodzi kokha n'kuvundikira. Kutakasatakasa ndiko kumauphwanya n'kuusandutsa phala.

Madzi akangotsala pang'ono kuphwa, pamwamba pakaoneka timabowo, phulani makala ambiri pa mbaula n'kuwaika pa chivundikiro, pansi patsale ochepa. Moto wa pamwambawo ndiwo umamaliza kupsetsa, pansi osapserera. Dikirani mphindi 15 osavundukula. Mpunga wopitirira makilogalamu 3 musauphike mumphika umodzi ngati simunazolowere. Miphika iwiri yapakati imamvera kuposa umodzi waukulu.

Ngati pali mpunga, nsima ikufunikanso?

Ikufunika. Agogo ndi abambo ambiri akadya mpunga wokha amati sanadye. Ufa woyera ukonzedweretu, nsima iphikidwe pomalizira penipeni, iomoledwe mitanda yooneka bwino ndi chipande chonyowetsa, iikidwe m'bakuli ikadali yotentha. Ngati alendo ndi a ku Nkhata Bay kapena Nkhotakota, kondowole adzawasangalatsa kuposa chilichonse cha m'sitolo. A ku Karonga, nthochi zophika pamodzi ndi nyama.

Masamba pa tsiku la chisangalalo? Si chizindikiro cha umphawi?

Maganizo amenewa ndi amene atiwonongera zakudya zathu. Nkhwani wotendera wophikidwa bwino amatha msanga pa tebulo kuposa kabichi wosambira m'mafuta. M'nyengo ya mvula nkhwani, chisoso, bonongwe ndi khwanya zili paliponse, zanthete, zosalira ndalama. Ziphikeni ndi madzi ochepa, tomato pang'ono, nsinjiro pomalizira, ndipo musazisiye pamoto mpaka kuda. Soda kapena chidulo n'zofunika pa therere ndi masamba okhwima, pa anthete n'zosafunika.

Chenjezo lili pa mtedza. Musanasinje sankhani n'kutaya wonyala, woboola ndi wa chuku. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene satha ndi moto, ndipo amawononga chiwindi. Bowa nayenso ndi ndiwo ya ulemu m'dzinja, koma gulani kwa wozula amene mumamudziwa, ndipo mtundu umene simuudziwa usalowe mumphika.

Pa saladi, tomato ndi anyezi wa ku Ntcheu ndi Dedza amadzaza misika monga wa Lizulu, komwenso kumachokera mbatatesi yabwino ya tchipisi. Pa zipatso tsatani nyengo: mango mu Disembala, chinanazi cha ku Mulanje, manachesi a ku Mwanza m'miyezi yozizira. Zam'nyengo ndizo zotsekemera komanso zotchipa.

Zakumwa zikhale zotani?

Ana amayembekezera Fanta kapena Sobo, ndipo kamodzi pa chaka sindingawamane. Koma chakumwa cha pakhomo chimene chimalandira mlendo asanadye ndi thobwa. Limafuna kuliganizira msanga, pakuti chimera chimatenga masiku. Mawere kapena chimanga amaviikidwa, n'kufundikidwa mpaka atamera, kenako kuyanikidwa ndi kugayidwa. Ngati nthawi yatha, chimera chogayagaya chimagulitsidwa m'misika.

Kutatsala masiku awiri phikani phala la mgaiwa, lipse bwino. Liphuleni, lizizire mpaka chala chizitha kupirira m'menemo, ndiye muthire chimera mukutakasa. Mudzaona phalalo likusungunuka. Chimera ndicho chimasandutsa ufa kukhala shuga, ndipo mphamvu imeneyi imafa phala likakhala lotentha kwambiri. Thobwa losatsekemera nthawi zambiri vuto lake limakhala pamenepa. Vundikirani ligone, m'mawa muliwiritsenso, lizizire, shuga muonjezere mutalawa kaye. Likakhalitsa masiku angapo limasasa n'kuyamba ukali, ndiye silikhalanso la ana kapena la anthu amene samwa mowa.

Madzi a malambe, a bwemba ndi a chidede nawonso ndi abwino, bola apangidwe ndi madzi owiritsa. Za mowa, banja lililonse lili ndi lamulo lake. Langa ndi lakuti usatuluke anthu asanadye, ndipo woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto asaulawe.

Ndikonze bwanji nthawi kuti tidye 1 koloko?

Werengani chobwerera m'mbuyo. Dzulo lake: kusankha mpunga, kuviika nyemba, kusinja nsinjiro, kutunga madzi odzaza migolo, kubwereka miphika, mbale ndi mipando. Chigumu, mandasi kapena keke ziphikidwenso dzulo. Keke imatheka pa mbaula mukaika mchenga pansi pa mphika waukulu ndi makala pa chivundikiro.

Tsiku lenilenilo nyemba zikhale pamoto pofika 6 koloko. Nkhuku yachikuda kapena mbuzi ikhale itayamba kuwira pofika 9 koloko. Mpunga cha m'ma 11 koloko ndi theka, masamba 12 koloko, saladi idulidwe chakumapeto, nsima pomaliza. Mbaula imodzi siingakwanitse. Bwerekani ina, kapena konzani mafuwa awiri. Mbaula ya dothi ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa ndipo imasunga moto nthawi yaitali, yabwino pa nyemba ndi nyama.

Ntchito igawidwe ndi maina dzulo lomwelo. Abambo ndi anyamata azinge ziweto, awaze nkhuni, atunge madzi, aotche kanyenya, ndipo atsuke mbale pamapeto. Si bwino kuti chaka ndi chaka amayi omwewo azilephera kupita kutchalitchi kapena kumzikiti pa tsiku la chikondwerero chifukwa cha miphika, ena onse atavala bwino n'kupita.

Mvula ikagwa kapena magetsi akazima?

Mu Disembala yembekezerani zonse ziwiri. Makala kapena nkhuni zikhalepo ngakhale muli ndi sitovu. Mvula ikayamba, samutsirani mbaula pakhonde kapena m'khitchini yopita mphepo. Musailowetse m'nyumba n'kutseka zitseko ndi mawindo. Mpweya wochokera ku makala ulibe fungo ndipo umapha anthu osazindikira.

Ena mwa alendo sadya zina. Nditani?

Funsani msanga, musadikire kuona munthu akukankha mbale. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 14 pa 100 aliwonse m'Malawi ndi Asilamu, ndiye mukaitana anthu 30 n'kutheka kuti pakati pawo pali Msilamu. Iwo sadya nkhumba, ndipo nyama imafunika izingidwe ndi Msilamu motsata chipembedzo. N'chifukwa chake m'makomo ambiri amaitana mnansi wachisilamu kudzazinga nkhuku kapena mbuzi, kuti aliyense adye ndi mtima umodzi. A Seventh Day Adventist sadya nkhumba ndi nsomba zopanda mamba monga mlamba ndi kampango. Ngati mwaphika nkhumba, ikhale ndi mphika wake, mthiko wake ndi mbale yake, ndipo muwauze anthu poyera.

Odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi achuluka m'mabanja mwathu. Chepetsani mchere ndi mafuta mumphika, wofuna adzaonjezere yekha. Patulani thobwa lina lopanda shuga woonjezera, mgaiwa pang'ono ukhalepo, ndipo munthu akati wakhuta musamukakamize.

Nditani kuti anthu asadwale m'mimba atadya kwanga?

Funsoli ndi lalikulu kuposa la kukoma. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unagwira anthu oposa 50,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo unafika poipa kwambiri m'miyezi ya mvula, yomweyo ya zikondwerero. Pamene anthu ambiri adyera pamodzi, kulakwitsa kwa munthu mmodzi kumagwetsa mudzi.

Kusamba m'manja m'beseni limodzi, kuyambira agogo mpaka mwana womaliza, kusiyidwe. Womalizayo amasamba litsiro la anthu onse. Mwana agwade ndi jagi ndi sopo, azithirira munthu aliyense madzi, beseni lingolandira otsikawo. Ulemu sunachepe pamenepo: "Agogo, madzi ndi awa, sambani." Madzi akumwa, otsukira saladi ndi osungunulira Sobo akhale owiritsa kapena othira kolorini. Mpeni ndi thabwa zimene zadulira nkhuku yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze tomato wa saladi. Nyama ipse mpaka pafupa, pasaoneke magazi. Wotsegula m'mimba asaphike kapena kupakula tsiku limenelo, ngakhale atakhala katswiri wa banja lonse.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola 2. Kutentha kwa Disembala kumafulumizitsa kuwonongeka. Ichi ndi chifukwa china chophikira motsata nthawi. Nkhuku imene yapsa 9 koloko n'kudyedwa 3 koloko ili pa ngozi ngati sinakhale pamoto. Vundikirani chilichonse, ntchentche za nyengo ya mango n'zambiri.

Zotsala ndizisunge bwanji?

Ngati muli ndi filiji ndipo magetsi alipo, ziikeni m'menemo zikangozizira, m'timbale tosazama. Ngati mulibe, nyama ndi nyemba ziwiritseni madzulo mpaka zibwate, m'mawa muziwiritsenso musanadye. Mpunga ndiwo wachinyengo. Ukagona pofunda umatha kuoneka bwinobwino koma uli ndi poizoni amene kutenthetsa sikumuchotsa. Saladi yothira mayonezi isagone n'komwe. Nzeru yabwino ndi kugawira anthu tsiku lomwelo m'malo mosunga.

Kwathu anthu amangofika osaitanidwa. Ndiwabweze?

Munthu wofika nthawi ya chakudya sabwezedwa, timati fikani tidye. Powerengera onjezani munthu mmodzi pa anthu 5 aliwonse, ndipo kuonjezerako kukhale pa nsima, mpunga ndi nyemba, zimene sizilemera mtengo. Nyama agawe munthu mmodzi wodziwa kuwerenga mitu. Mukasiya kuti aliyense adzitengere, oyambirira amaunjika, omalizira n'kupeza msuzi wokha.

Palinso ena amene sangabwere okha chifukwa cha ukalamba, matenda kapena manyazi. Gogo wa nyumba yoyandikana, ana amasiye a kuseri kwa mpanda, mlonda amene ali pa ntchito tsikulo. Apakulireni mbale poyambirira, chakudya chikadali chotentha, mwana awapititsire. Zimenezi n'zosiyana ndi kuwatumizira makombo dzuwa litalowa, ndipo wolandirayo amadziwa kusiyana kwake.

Nanga ana ndi ophika adye liti?

Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi chizolowezi cha makomo ambiri. Timapakulira abambo ndi alendo m'nyumba, nthuli zonse zabwino n'kupita komweko. Ana amadikira panja kuti alandire mutu ndi zipalapasiro, amayi amene adzuka 4 koloko m'mawa amadya chiimirire zotsalira mumphika, pena osalawa n'komwe nkhuku imene aphika. Ulemu kwa akulu ndi alendo ukhalepo, nthutumba ipite kumene mwambo ukunena. Koma mwana amene akukula ndiye afunika nyama kuposa wamkulu, ndipo wakhala akuwerenga masiku kuyembekezera tsikuli. Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa chimodzimodzi.

Kukonza kwake n'kosavuta. Ana aang'ono apakuliridwe aliyense mbale yake, chifukwa akadyera pamodzi ndi okulirapo m'mbale imodzi, wamng'ono amatsala ndi njala. Aliyense apeze nthuli ya mnofu. Munthu wamkulu akhale nawo pafupi, awachotsere minga ya nsomba ndi mafupa. Ana akayamba kudya msanga, nawonso akuluakulu amadya mwamtendere.

Ophika nawo awerengedwe pamodzi ndi alendo kuyambira pa tsiku logula zinthu. Inu eni khomo, musanaitane anthu kudzasamba m'manja, pitani kukhitchini mukaone ndi maso anu kuti mbale za ana ndi za ophika zapakulidwa, muli nyama, ndipo zavundikiridwa. Nsima yomaliza ikaomoledwa, auzeni amayiwo asiye miphika, asambe, akhale pansi adye pamodzi ndi anthu onse.